Zione ndi Mfiti za ku Ulaya

Pa loji ina ya ku Senga Bay pali kachipinda kakuseri, pakati pa khitchini ndi thanki ya madzi, kamene alendo sakadziwa n'komwe. M'menemo ndimo Zione Kamzingeni wakhala akusita nsalu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mashiti a pabedi, mathawulo, nsalu za patebulo, mayunifomu a operekera zakudya, zonsezo zimadutsa pansi pa simbi yake. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa, woti ukamupatsa moni amayankha maso ali pa nsalu. Anzake a pantchito ankangodziwa kuti ali ndi mwana mmodzi, Yankho, kuti bambo wa mwanayo anasiyana naye kalekale, ndiponso kuti kwawo ndi kumtunda koma sapitapitako. Chifukwa chake panalibe amene ankachidziwa.

Anabadwira m'mudzi wina wa kufupi ndi Chitala. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndipo amene anamutenga anali amayi ake aakulu, aNamwale, mkazi wamasiye amene sanaonepo mwana wakewake. ANamwale sanali munthu wofatsa. Nkhuku ya munthu ikalowa m'dimba mwawo, mwini nkhukuyo ankamva mbiri ya mtundu wake wonse kuyambira kwa agogo. Koma Zione sanagonepo ndi njala, sanapitepo kusukulu ndi diresi long'ambika, ndipo nsabwe zikagwa m'mudzi mutu wake wokha ndi umene unkapulumuka.

Chaka chimene anakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, mvula inadula mu Januwale chimanga chitangoyamba kumasula. Anthu onse maso anali ku madimba. Tsiku lina mbuzi za amalume ake, a Mose, zinadula zingwe, n'kuthyola mpanda wa aNamwale, n'kumweta mpiru wonse mpaka pansi. ANamwale anakaima pabwalo pa mlongo wawoyo n'kulalata mpaka mawu kusasa, n'kumaliza ndi liwu limodzi: "Muona!"

Patapita milungu iwiri, kamwana ka a Mose, ka miyezi isanu ndi itatu, kanatentha thupi Lachiwiri. Lachinayi kanatsirizika.

Maliro atatha, a Mose anaitanitsa sing'anga wa kagalasi ndi litchowa. Sing'angayo sanawafunse kanthu aNamwale. Anati mfiti yaikulu siulula, woulula ndi mwana amene imamuphunzitsa. Choncho anamutenga Zione n'kumutsekera m'nyumba ya a Mose, iye pakati, akuluakulu asanu atamuzungulira.

"Munapita kuti? Munakwera chiyani? Anakupatsa nyama yanji? Kumeneko munakumana ndi yani?"

Zione ankati sakudziwa. Akatero ankalandira mbama, mafunso n'kuyambiranso pachiyambi. Tsiku loyamba linatha asanadye. Tsiku lachiwiri masana, mayi wina analowa ndi chigumu pambale, n'kumukhazika pamiyendo, n'kumunong'oneza kuti, "Ukangovomera udya, mwanawe. Amayi akowo sitiwachita kanthu, tingowachotsa mankhwalawo. Munakwera lichero, eti?"

"Eee," anatero Zione.

Nyumba ya aNamwale anthu anaiyatsa dzuwa lili pamutu. Iwo anawamenya ndi zibonga, ndipo anathawa ndi chitenje chimodzi kulowera njira ya kunyanja. Zione anamutema mphini pamsana, anamumwetsa mankhwala owawa mpaka kusanza, n'kunena kuti tsopano wayera. Anakulira kwa a Mose. Nkhani ija anaifotokoza kutchalitchi, anaifotokoza kuchitsime, anaifotokoza kwa alendo amene ankabwera kudzaona mwana woulukayo. Poifotokozafotokoza inamera miyendo. Anayamba kuliona licherolo m'maso mwake, anayamba kukumbukira mphepo ikumuomba m'makutu. Pofika pa utsikana sankakayikanso. Ankadziwa kuti iye anali kamfiti kamene kanapulumutsidwa, ndipo za kumene kunalowera aNamwale sanafunsepo munthu.

Sukulu anaisiyira Folomu 1, n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba pa boma pa Salima. Kuchoka apo ndiye anapeza ya pa loji ija.

Kusukulu anabwererako ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Abwana a lojiyo anali atalengeza kuti akufuna mayi woyang'anira onse a m'zipinda ndi a kochapira, koma akhale wa pepala la sukulu. Zione anayang'ana atsikana amene iye mwini anawaphunzitsa kupinda shiti, n'kuona kuti mmodzi wa iwowa ndiye adzamulamulire. Analembetsa sukulu ya masana, ija imayamba ana a m'mawa akaweruka. Ankazimitsa simbi wani koloko, n'kukwera kabaza, n'kukakhala pa desiki ya kumapeto, pambali pa zenera losweka.

Histore ankaphunzitsa a Abdulkarim Saidi, mnyamata wa konko kunyanja, wochepa kwa Zione ndi zaka khumi. Iwowa ankalemba liwu la Chingerezi pabolodi, n'kulizunguliza mzere, kenako n'kunena kuti, "Tsopano tiyeni tilivule jekete." Akatero ankalifotokoza m'Chichewa mpaka aliyense alimve. Temu imeneyo inali ya mbiri ya ku Ulaya, zaka za m'ma 1500 mpaka m'ma 1700.

Zione ankaganiza kuti azungu amawadziwa. Kodi si iye ankachapa nsalu zawo? Kwa iye anali anthu amene anabadwa ndi nzeru zawo kale, osakuwa, osakhulupirira za masalamusi, oti akaona kangaude m'bafa amaitana mlonda. Mlungu uliwonse a Abdulkarim ankamugwetsera khoma limodzi.

Liwu loyamba linali Rinesansi, kubadwanso. Zione anayesa ndi nkhani ya obadwanso mwatsopano a m'matchalitchi. Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti chimene chinabadwanso ndi maphunziro: m'mizinda ya ku Italiya anthu anayamba kufukula mabuku akale a Agiriki ndi Aroma, kujambula munthu monga momwe alili, ngakhale kutumbula mitembo kuti aone mkati mwake. Anawonjeza kuti nzeru zina zakalezo zinafika ku Ulaya kudzera m'mabuku a Aluya, ndipo ponena zimenezi anakonza kachipewa kawo, kalasi yonse n'kuseka.

Kenako kunabwera makina osindikizira, amene anachititsa kuti buku lotenga chaka kulikopera pamanja lituluke mazanamazana. Kunabwera Rifomeshoni, kukonzanso mpingo: mmonke wina wa ku Jeremani anakana zoti chilango cha machimo chingachepetsedwe ndi chikalata chogula, mpingo n'kung'ambika pakati. Atamva zoti Akhristu a mbali ziwirizi anadzaphana pa nkhondo ya zaka makumi atatu, mpaka m'madera ena munthu mmodzi mwa atatu alionse n'kutha, Zione anaika cholembera pansi.

"Aphunzitsi, onsewo a Yesu mmodzi yemweyu?"

"Yemweyo, mayi."

Tsiku la maulendo a panyanja ndiye anakana poyera. A Abdulkarim anati zombo zitafika ku Amerika, mbewu zinayamba kuwoloka nyanja, ndipo chimanga, chinangwa, mtedza, mbatata, tomato ndi fodya, zonsezi n'zakwa eni, kuno zinachita kubwera.

"Chimanga?" anatero Zione, mawu atakwera mpaka ana a kutsogolo kutembenuka. "Chimanga cha ku Chitala chija? Nanga makolo athu ankadya chiyani?"

"Mapira ndi mawere."

Mlungu wonsewo ankati akadutsa pa chigayo ankayang'ana matumba ngati alendo amene anamubisira kwawo. Koma zonsezi zinali zodabwitsa zongogwira nazo pakamwa. Chimene chinamugwetsa chinabwera Lachitatu lina la mwezi wa Meyi.

Tsikulo a Abdulkarim analemba mawu awiri. Loyamba linali Inkwizishoni, bwalo la mpingo lofufuza anthu oganiziridwa kuti ndi ampatuko. Lachiwiri analivula jekete mwachangu: kusaka mfiti.

Kalasi inaseka. Mtsikana wina anafunsa ngati azungu nawonso amatamba.

"Mverani kaye," anatero aphunzitsi. Analemba nambala pabolodi: 40,000. "Osachepera amenewa anaphedwa pa mlandu wa ufiti. Ena amati anafika zikwi makumi asanu ndi limodzi. Ambiri anawotchedwa, ena ananyongedwa. Pa anthu anayi alionse, atatu anali akazi, makamaka achikulire, amasiye, osauka, ndi aja a pakamwa polongolola. Musaganize kuti ankaweruza ndi anthu osaphunzira. Milandu yambiri inkazengedwa m'makhoti a boma, oweruza ake a ku yunivesite, ovala mikanjo. Ndipo makina omwe aja amene anafalitsa malemba oyera anafalitsanso mabuku ophunzitsa kagwiridwe ka mfiti."

Kuseka kunatha. A Abdulkarim anafotokoza kuti zaka zimenezo nyengo inali itasokonekera, matalala ankawononga mbewu, njala ndi miliri zinali paliponse. Nkhani inkayamba ndi kanthu kakang'ono. Mayi wakangana ndi mnansi wake, watulutsa liwu loipa, mawa lake ng'ombe yafa kapena mwana wadwala. Basi, mlandu wapezeka. M'madera ena ankamumanga manja ndi miyendo n'kumuponya mumtsinje: akayandama ndi mfiti, akamira ndi wosalakwa.

"Ngati mwavi," anatero wina.

"Ngati mwavi. Koma umboni umene oweruza ankaufunitsitsa unali woti munthu avomere ndi pakamwa pake. Ndiye ankamuzunza mpaka avomere, n'kutchulanso anzake. M'mizinda ina ya ku Jeremani ankafunsa ngakhale ana. Mafunso ake ankakhala olembedwa kale papepala, amodzimodzi kwa aliyense." Anayamba kuwerenga pa zala. "Unapita kuti? Unakwera chiyani? Munadya chiyani kumeneko? Unaonako yani?"

Zione anasiya kulemba. Anayang'ana a Abdulkarim kuti aone ngati wina anawauza za iye, koma iwo maso anali pa kalasi yonse.

"Akati sakudziwa, ankamufunsanso. Ankamumana tulo, ena ankawamana chakudya. Kenako wofunsa ankamupatsa yekha yankho: unakwera tsache, si choncho? Kapena mbuzi? N'chifukwa chake maumboni a anthu amene sanaonanepo ankafanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo oweruza ankati kufananako ndiye chizindikiro choti n'zoona. Wansembe wina amene ankaperekeza oweruzidwa kokaphedwa anadzalemba kuti mazunzo amenewo angavomereze munthu aliyense, ngakhale oweruza eni akewo."

Cholembera cha Zione chinagwa pansi, iye osachitola. M'kamwa mwake munabwera kukoma kwa chigumu. Kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi atatu anamva bwinobwino mawu a mayi uja m'khutu mwake: munakwera lichero, eti? Licherolo sanalitchule ndi iye ayi. Anachita kupatsidwa, pamodzi ndi mbale.

Belu litalira onse anatuluka, iye anatsala pa desiki. A Abdulkarim anali kufufuta pabolodi pamene anamuona.

"Mayi Kamzingeni, mukudwala?"

"Aphunzitsi, ana amene aja. Atakula ankadziwa kuti ananama?"

A Abdulkarim anaika chofufutira pansi n'kukhala pa desiki yoyandikana nayo. "Ena ayenera kuti ankadziwa. Koma mwana ukamuuza chinthu kambirimbiri ali ndi mantha, n'kumuchititsa kuti achinene yekha kambirimbiri, chimakhazikika m'mutu mwake ngati chinachitikadi. Mukufunsiranji?"

Zione anawauza zonse, nkhani imene ngakhale Yankho sankaidziwa. Pamene ankafika pa za nyumba yoyaka, a Abdulkarim anali atagwira pakamwa.

"Subuhanallah," ananong'ona. "Ine ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka ngati za anthu akufa kalekale. Amayi anuwo alipo?"

"Sindidziwa."

"Simudziwa?"

Zione anaweramitsa mutu. Kunena zoona ankadziwa pang'ono. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, mayi wina wogulitsa usipa, wa kwawo komweko, anamuuza kuti anaona aNamwale pa dooko lina la kumpoto, akukhala pakhomo pa Msilamu wina dzina lake Binali. Tsiku limenelo Zione anasiya usipawo osagula, n'kupita kukapemphera kuti asawalote aNamwale.

M'mawa wotsatira phunziro lija anapsereza nsalu ya patebulo, koyamba chiyambireni ntchito. Anaima n'kumayang'ana chipsera cha simbicho mpaka mnzake anachita kumugwedeza. Pa khonde la lojiyo panakhala gogo wina wachizungu, wa imvi mbuu, akumwa khofi yekhayekha, ndipo Zione podutsa ndi mathawulo anaganiza kuti zikanakhala zaka zija, gogo ngati ameneyu, wopanda mwamuna, wopanda mwana pambali, akanakhala woyamba kumangidwa.

Tsiku lake lopuma analawira. Anakwera minibasi, kenako njinga yamoto mumsewu wa mchenga, n'kufika pa dookolo dzuwa litakwera. Atafunsa za a Binali anamulozera bambo wachikulire wa ndevu zoyera amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo. Zione anagwada chapatali, n'kupereka moni, n'kunena dzina lake.

Singano ya a Binali inaima. "Inu ndinu Zione?"

"Ndine, bambo."

"Dzina lanu timalidziwa pakhomo pano. Akadwala malungo amalitchula." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndinawapeza ine, pansi pa mlambe uko, nkhope itatupa, diso limodzi litatsekeka. Ndinali ndisanamere imvi. Malemu amayi anga ndiwo anati alowe m'nyumba. Anthu anabwera kudzatichenjeza kuti mwasunga mfiti. Amayi anati ufitiwo tiuona tokha. Ana anga asanu ndi mmodzi akulira m'manja mwa mayi amenewa, ndipo Alihamudulillah, onse ali moyo. Ali kuseriko, pa thandala."

ANamwale anali atafupika, msana utapindika, koma manja anali achangu, akutembenuza usipa pa thandala la bango. Diso lakumanzere linali loyera, losaona. Zione anagwada pamchenga wotentha.

"Amayi, ndine Zione."

Manja aja anaima. ANamwale anatembenuza mutu kuti amuone ndi diso labwinolo, kuyambira kumutu mpaka kumaondo.

"Wanenepa," anatero. Kenako anapitiriza kutembenuza usipa.

Zione anayamba kulira, mawu akutuluka moduka. Anati ananama, anati anamumenya, anati anali ndi njala, anati lichero anachita kumuuza.

"Zimenezo usandiuze, ndikuzidziwa," anamudula aNamwale. "Masiku awiri aja ndinali panja pa nyumba imene ija, ndinkamva kulira kwako. Unali mwana. Mwana sindinamusungire mlandu ine. Koma iwe unakula, Zione. Unakwatiwa, ndinamva. Unabereka, ndinamva. Uli pa Senga Bay apa, ndinamva. Ndinkati akuchita manyazi, tsiku lina manyaziwo adzatha. Zaka makumi atatu, manyazi anji amenewo?"

"Sanali manyazi, amayi." Zione anadzutsa nkhope. "Ndinkakhulupirira kuti zinali zoona."

Usipa umene unali m'manja mwa aNamwale unagwera pamchenga. Anagwira nsichi ya thandala, n'kukhala pansi pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa.

"Unkakhulupirira?"

"Eee."

"Iwe? Iwe amene unkagona kumsana kwanga pamphasa imodzi, ndikatembenuka iwe n'kudzuka? Ndikanauluka nthawi yanji iwe osamva?" Anamenya m'manja kamodzi. "Kalanga ine! Zaka zonsezi ndimati padziko pano pali munthu mmodzi amene akudziwa kuti sindinaphe mwana wa Mose. Mmodzi yekha. Kani panalibe!"

Ntchentche zinkazungulira thandala. Ndi aNamwale amene anayambanso.

"Nanga lero chakuuza n'chiyani? Abusa?"

Zione anapukuta misozi ndi chitenje n'kufotokoza za sukulu ya masana, za aphunzitsi, za akazi amasiye a ku Ulaya, za oweruza a mikanjo ndi mafunso awo olembedwa kale.

"Azungu?" anatero aNamwale. "Omwe aja a kumishoni?"

"Makolo awo. Anawotcha anthu oposa zikwi makumi anayi."

"Mayo!" ANamwale anagwira mutu ndi manja onse awiri. A Binali, amene anali atabwera n'kuima pakona pa nyumba, anapukusa mutu akunong'ona pemphero. "Ndiye anasiya bwanji?" anafunsa aNamwale.

"Akuti oweruza ena anazindikira kuti munthu ukamuzunza amavomera chilichonse. Anayamba kufuna umboni wooneka, ndipo umboniwo sunkapezeka. Komanso anthu otchulidwa anachuluka mpaka kufika kwa akazi a olemera ndi a oweruza omwewo."

"Ehe, apo ndiye ndamva," anatero aNamwale. Anatola usipa uja pamchenga mmodzimmodzi, akuuzira. "Ndiye kuti anthu zikwi zonsezo anachita kupsa kutsidya la nyanja kuti iwe udziwe kuti mayi ako sauluka."

Zione anayamba kutola nawo usipawo. Tsikulo sanauzidwe kuti wakhululukidwa, komanso sanathamangitsidwe. Mkazi wa a Binali anamupatsa madzi akumwa, ndipo iye anathandiza kutembenuza usipa mpaka masana. Potsanzika, aNamwale anangoti, "Mwana wakoyo ndimuone ndisanafe."

Mlungu wotsatira sanapite ku dooko, anapita ku Chitala. Anasankha Lamulungu, anthu ataweruka kutchalitchi, kuti abale akhalepo ambiri. A Mose anali atakalamba, mbali imodzi ya thupi itafa, atakhala pampando wa ndalema pakhonde. Zione anagwada pabwalo, pamaso pa azibale oposa khumi, n'kunena mokweza kuti zonse zimene ananena ali mwana zinali zabodza, kuti sanaulukepo, sanadyepo nyama ya munthu, ndipo aNamwale sanamuphunzitsepo kanthu koma kulima ndi kuchapa.

Abale anayang'anana. Kenako phokoso linabuka. Wina anati sukulu yamuzunguza mutu. Wina anati mankhwala aja amubwerera, akufunika kumutemanso. Mayi amene anabweretsa chigumu uja, tsopano gogo wa ndodo, anadzuka n'kulowera kuseri. A Mose anakweza dzanja lawo lamoyolo, onse n'kukhala chete.

"Nanga mwana wanga anamupha ndani?" Mawu awo ankatuluka mokoka.

"Malungo, amalume. Anatentha thupi Lachiwiri, Lachinayi n'kupita. Chipatala sanafikeko."

A Mose anatsitsa dzanja lija. Anayang'ana kumene kunali nyumba ya mlongo wawo, kumene tsopano kuli khola la nkhumba la mdzukulu wawo. Zione anabwerera tsiku lomwelo, popanda womuperekeza.

Mayeso analemba, histore anakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse, koma masamu anamugwetsa, ndipo ntchito ya uyang'aniri ija inapita kwa wina. Akusitabe m'kachipinda kaja, ndipo masamuwo akuti awabwereza. Tsiku lake lopuma amapita ku dooko, nthawi zina ndi Yankho. Anawapempha aNamwale kuti akakhale naye ku Senga Bay, iwo anakana. Anati kwawo ndi kumene anawatsegulira chitseko, ndipo manda awo a Binali akudziwa kale pokumba.

Patapita miyezi iwiri chichitikireni za ku Chitala, kondakitala wa minibasi anasiya thumba la mtedza pa geti ya loji. Linali losokedwa ndi luzi, pamwamba palembedwa ndi makala kuti aNamwale. Kalata munalibe. Kondakitalayo anangoti lachokera kwa bambo wina wodwala wa ku Chitala.

Zione analinyamula mpaka ku dooko. ANamwale anamasula luzi, n'kulowetsa dzanja, n'kuswa mtedza umodzi, n'kuuyang'anitsitsa ndi diso lawo limodzi lija.

"Mtedza wa Chalimbana," anatero. "Wa m'munda wa amayi athu."

Anauza mkazi wa a Binali kuti aukazinge wonse, Lachisanu agawire ana a ku madarasa. Iwo sanalaweko ngakhale kanjere kamodzi. Zione anafunsa ngati akawauze amalume kuti zikomo.

ANamwale anakunkhumula makoko pachitenje.

"Ukamuuze kuti wafika."